Zimene ndaphunzira pa mbiri ya Nkhotakota

Pa maphunziro anga a mbiri ya dziko lino, nkhani ya Nkhotakota, imene mabuku a nthawi ya atsamunda amailemba kuti Kota Kota, ndiyo yandichedwetsa kwambiri, chifukwa zimene alendo amauzidwa pofika kuno ndi zofupika poyerekeza ndi zimene zinachitikadi.

M'zaka za m'ma 1840 kunafika wamalonda wachiswahili, Salim bin Abdallah, amene anakhazikika m'mbali mwa nyanja pakati pa Achewa ndipo anayamba kudziwika ndi dzina laufumu loti Jumbe. Iye pamodzi ndi amene analowa m'malo mwake ankasonkhanitsa minyanga ya njovu ndi akapolo, n'kumawaolotsa nyanja pa ngalawa zamatanga, ndipo akafika tsidya lija ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Anthu omwewa ndi amenenso anakulitsa ulimi wa mpunga ndi chipembedzo cha Chisilamu m'derali, kotero kuti munthu akamadya mpunga wa kuno kapena akamva kuitanira mapemphero mbandakucha, akukhudza mbiri yomweyo ngakhale asakudziwa.

Alendo ambiri amatengeredwa pa mtengo wa mkuyu umene uli pafupi ndi mishoni ya Anglican, pamene akuti David Livingstone anakambirana ndi Jumbe pamodzi ndi mafumu za kuleka malonda a akapolo. Livingstone anafika kuno koyamba mu 1861 ndipo anadzabweranso pambuyo pake. Chimene ndaona nditaika zaka m'ndondomeko yake n'chakuti zokambiranazo sizinathetse malondawo, popeza anapitirira kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Harry Johnston, nthumwi ya boma la Britain, anachita pangano ndi Jumbe mu 1889, dziko linakhala pansi pa Britain mu 1891, ndipo ufumu wa a Jumbe unatha pakati pa zaka za m'ma 1890 pamene womaliza anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar. Ine ndikuona kuti woperekeza alendo amene amathera nkhani yake pa mtengowo amakometsa mbiri mopitirira muyeso, ndipo amaiwala anthu ambirimbiri amene anaolotsedwabe Livingstone atachoka kale.

Pa mishoni yomweyo pali tchalitchi cha All Saints, pamene panaikidwa Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa nyanja mu 1895 akupita kukayamba ntchito yake ku Likoma. Ndale nazo zinadutsa pano, chifukwa msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1960, umene unapatsa Dr. Kamuzu Banda utsogoleri wa chipanicho wamuyaya, unachitikira m'tauni muno.

Masiku ano chokoka alendo kwambiri ndi nkhalango ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, chifukwa opha nyama mozembera anali atatsala pang'ono kutha njovu za m'nkhalangoyi, ndipo n'zopatsa maganizo kuti nyama imene minyanga yake inakopa a Jumbe inachita kubweretsedwanso pa magalimoto. Mumtsinje wa Bua, umene umadutsa m'nkhalangomo, ndi mmene mpasa zimakwera kukaswana. Kummwera, m'mbali mwa msewu wa M5 wopita ku Salima, kuli thamanda la Chia kumene okonda mbalame amakwera bwato ndi asodzi a komweko.