Zomwe khadi la kusikelo limaulula za kakulidwe ka mwana

Pamaphunziro a kakulidwe ka ana osafika zaka zisanu, chomwe chimaonekera msanga ndi chakuti zizindikiro zambiri za ulumali zimakhala zitalembedwa kale pa khadi la kusikelo, lija amalitcha Cartão de Saúde da Criança, koma palibe amene wazilumikiza. Mayi wa ku Angónia kapena Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amalisunga bwino m'pepala lapulasitiki, namwino amalembapo kulemera kwa lero, mwana n'kubwerera kunyumba.

Kuwerenga kuyambire pa zomwe zinalembedwa tsiku lobadwa. Mwana wobadwa wosakwana magalamu 2500, wobadwa masabata 37 asanakwane, kapena amene Apgar yake (nambala yosonyeza thanzi la khanda likangobadwa) inali pansi pa 7 pa mphindi yachisanu, ayenera kuyang'aniridwa mwapadera. Pakapanda kulembedwa kanthu chifukwa anabadwira kunyumba, funsani: "Amayi, kodi mwanayu analira atangobadwa? Anayamwa tsiku lomwelo? Anachita chikasu mpaka m'manja ndi kumapazi?" Chikasu chachikulu cha sabata yoyamba chimatha kuwononga ubongo ndi makutu.

Muyeso wa mutu ndiwo umanyalanyazidwa kwambiri, pomwe umanena zambiri. Mutu wa khanda umakhala pafupifupi masentimita 34 kapena 35, n'kufika pafupifupi 46 pakutha chaka. Tepi idutse pamwamba pa nsidze ndi pa nkhongo potukuka penipeni, chipewa chitavulidwa, apo ayi nambala imanama. Muyeso umodzi sukwanira; pamafunika madontho atatu kapena kuposerapo pa tchati cha kakulidwe ka mutu kuti mzere uoneke kolowera. Mzere ukamakwera modumpha mizere inzake, liwombo lili lotupa, maso akuyang'ana pansi, mwina madzi akudzadza m'mutu, ndipo mwanayo atumizidwe kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Mzere ukaima, mwina ubongo sukukula bwino.

Kenako fufuzani za matenda omwe anamugoneka m'chipatala. Malungo a muubongo ndi matenda oumitsa khosi amasiya khunyu, kusamva, kapena kufooka kwa ziwalo. Mwana wotere makutu ake ayesedwe ngakhale akuoneka kuti wachira.

Za msinkhu wokhalira ndi woyendera, kafukufuku wa WHO wa 2006 anapeza kuti pafupifupi ana onse athanzi amakhala okha asanapitirire miyezi 9 ndi pang'ono, ndipo amayenda okha asanakwane miyezi 18. Cholakwika chofala apa n'kuiwala kuchotsera masabata a mwana wobadwa masiku asanakwane. Wobadwa pa masabata 32, akakwanitsa miyezi 9 mumuwerengere ngati wa miyezi 7, ndipo muzitero mpaka zaka ziwiri. Mukapanda kutero mudzaopseza makolo pachabe.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi masamba opanda kanthu. Katemera wachiwiri wa chikuku akaperekedwa pa miyezi 18, mabanja ambiri amaleka kupita kusikelo, makamaka nyengo yolima. Komatu apa ndi pamene kuchedwa kulankhula kumayamba kuonekera. Mwana wa zaka ziwiri amayenera kulumikiza mawu awiri, monga "amama madzi". Khadi lopanda cholembedwa silitanthauza kuti mwana ali bwino. Mwayi ulipo pa vitamini A, amene amaperekedwa miyezi 6 iliyonse mpaka mwana afike miyezi 59. Tsiku limenelo a APE (azaumoyo a m'mudzi) kapena namwino angafunse mafunso atatu anayi a kumva, kulankhula ndi kusewera. M'midzi ya m'malire ndi Dedza kapena Ntcheu, funsaninso ngati mwana ali ndi kabuku ka chipatala ka ku Malawi, chifukwa theka la mbiri yake lingakhale mmenemo.

Khadi limangoloza amene afunika kuyezedwa, silinena matenda. Poyeza, lankhulani ndi mwanayo m'chinenero cha kwawo. Mwana wa m'mudzi kukhala chete pofunsidwa m'Chipwitikizi si umboni wa kanthu. Chida choyezera kakulidwe ka ana cha MDAT, chopangidwa ku Malawi ndi kufalitsidwa mu 2010, chili ndi zoyesa 136 zogwirizana ndi moyo wa kumudzi kuno. Akakhala kuti mwana anayamba kulankhula kapena kuyenda kenako n'kusiya, musadikire mwezi wotsatira: lembani tsiku ndi zomwe mwaona pa khadi, mumulowetse ku Consulta da Criança em Risco (kiliniki ya ana omwe ali pachiopsezo), ndipo kalata yopita kuchipatala cha ku Ulónguè kapena ku Tete ilembedwe pompo.