Alamu anati isayatsidwe

Alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amalumikiza makanema pa kompyuta, ndipo kompyuta yawoyo amaikonda kuposa ife achibale tonse kutiphatikiza pamodzi. Atapeza ntchito ya kutali nthawi yomwe ankasamukanso m'nyumba ya lendi, anabwera nayo kwathu kuti tiwasungire. Anaiika okha patebulo la m'chipinda cha alendo, analumikiza okha nthambo zonse poti akadzabwera adzagwirira ntchito pomwepo, kenako anaifunditsa nsalu. Potuluka sanayang'ane mlongo wawo, sanayang'anenso mwana. Anayang'ana ine.

"Alamu, iyiyi isayatsidwe."

Ndinawayankha kuti ndine munthu wamkulu, ndili ndi zochita zanga.

Zochita zangazo zinatha Loweruka masana, akazi anga atangotuluka. Pano ndinene momveka kuti sindinalowe m'chipindamo chifukwa cha gemu ya mpira imene mnyamata wanga anati amalume ake ali nayo. Ndinkangofuna kuona ngati makinawo anafika bwino. Kusunga katundu wa mwini ndi udindo waukulu.

Ndinavundukula nsalu n'kudina batani. Mafani anayamba kuzungulira, ndipo kudzera pagalasi la m'mbali ndinaona timagetsi tamitundumitundu tikuthamangitsana. Mnyamata anawomba m'manja, inenso mano onse panja. Akuluakulu sananame, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sikirini inangoti bii. Patapita kamphindi panatuluka kabokosi kolembedwa kuti "No Signal", kanayendayenda pang'ono n'kuzimiririka, ndipo kagetsi ka pamonita kanasanduka kachikasu.

Poyamba ndinati makina akuluakulu amadzuka mochedwa. Ndinadikira. Ndinagwedeza mausi, ndinamenya batani lalitali la pakiyibodi, ndinazimitsa n'kuyatsanso. Bii yemweyo.

"Adadi, mwaipha," anatero mnyamata, mosangalala ndithu.

Ndinatenga foni n'kuyamba kufufuza. Choyamba chimene ndinaphunzira chinandikhazika mtima pansi pang'ono: mawu aja oti "No Signal" sachokera m'bokosi la kompyuta, amalembedwa ndi monita yeniyeniyo podandaula kuti palibe chimene ikulandira. Ndiye kuti monita inali yamoyo. Mwina inkangomvetsera khomo lolakwika, chifukwa monita imodzi imakhala ndi makomo angapo, HDMI woyamba, HDMI wachiwiri, DisplayPort, ndipo umayenera kuiuza loti iziyang'ana. Mabatani ake anabisidwa kunsi, osaoneka, umangopapasa. Ndinapapasa mpaka ndinawayesa makomo onse, ndipo ndili mkati mopapasamo zolemba zonse za pamonita zinasanduka zilembo za chinenero chimene sindinachionepo. Njira yobwerera inalembedwanso m'chinenero chomwecho.

Ndinagwada n'kusuzumira kumbuyo kwa bokosi. Kumeneko kuli malo awiri olowetsa nthambo ya zithunzi. Ena ali kumtunda, pafupi ndi mabowo a USB, ndipo amenewo ndi a motherboard, thabwa lalikulu limene zipangizo zonse za m'kati zimalumikizidwapo. Ena ali kumunsi, ogona chopingasa, a graphics card, chipangizo chopanga zithunzi zopita pamonita. Aliyense pa intaneti ankanena chimodzimodzi, kuti ngati muli graphics card nthambo ilowe kumunsi. Alamu anali atailowetsa kumunsi komweko. Komabe ndinaizula n'kuiyesa kumtunda, poti munthu sungangogwada pachabe. Kenako ndinakayikira nthamboyo, ndiye ndinakazula ya pa TV. Kenako ndinakayikiranso monita imene ndinali nditaikhululukira kale, ndiye ine ndi mnyamata tinanyamula TV yonse kuchoka pabalaza, tikuwombana ndi zitseko. Nayonso inati palibe chimene ikulandira.

Pali kanzeru kena kamene ndinakakonda chifukwa sikafuna kunyamula kanthu. Umadina batani la Caps Lock n'kuyang'ana kagetsi kake. Kakamayaka ndi kuzima, ndiye kuti kompyuta yadzuka, vuto lili pa zithunzi zokha. Kathu sikanayake n'komwe. Apa m'pamene thukuta linayamba kutsika m'khosi, chifukwa tanthauzo lake linali loti matenda ali m'kati.

Kompyuta ikangoyatsidwa, isanaganize n'komwe za Windows, imayamba yadziyeza. Kapulogalamu kokhala pa motherboard, kotchedwa BIOS, kamafunsa purosesa, ubongo wa makinawo, ngati ilipo, kamafunsa RAM, timatabwa tosunga kwakanthawi zimene kompyuta ikugwirapo ntchito, kamafunsa cha zithunzi, ndipo chimodzi chikapanda kuyankha zonse zimaimira pomwepo, mafani akuzungulirabe ngati zonse zili bwino. Makina akale ankalira, ndipo kuchuluka ndi kutalika kwa kulirako kunkanena chimene chavuta. Ambiri a masiku ano alibe kasipika kolirako. A alamu anali ndi timagetsi tinayi pakona, tolembedwa CPU, DRAM, VGA ndi BOOT. Ndinakanikiza mphuno pagalasi. Ka CPU kanayaka n'kuzima. Ka DRAM, konena za RAM, kanayaka n'kukhala pomwepo, kukundiyang'ana.

Nthawi imeneyi n'kuti aneba atafika. Anationa pawindo tikudutsa ndi TV, ndipo iwo si munthu woti angaone TV ikuyenda n'kukhala pansi. Ndi bambo wachikulire amene anakonzapo mawailesi kalekale, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti chilichonse chamagetsi ndi wailesi imene yangonenepa. Mankhwala awo oyamba anali kuimenya khofi. Ndinawagwira dzanja lili m'mwamba. Achiwiri anali oti titsegule kabokosi kachitsulo kolowera magetsi tione ngati fyuzi yapsa. Apo ndinakana kwamtuwagalu, chifukwa ndinali nditangowerenga kuti m'kabokosi kameneko mumatsalira moto ngakhale utazula pulagi, ndipo sindinkafuna kufotokozera alamu za kompyuta komanso za aneba tsiku limodzi.

"Ndiye ndi batire," anatero. "Chilichonse chili ndi batire."

Chondikwiyitsa n'choti apa ananena zoona. Pa motherboard pamakhala kabatire kophwatalala, CR2032, ka mavoti 3, kamene kamasunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS makina akazima. Ukakachotsa kwa mphindi zingapo, BIOS imaiwala zonse n'kubwerera mmene inachokera kufakitale, ndipo nthawi zina kompyuta yokana kudzuka imadzuka. Tinazula pulagi, ndinadina batani loyatsira kwa kanthawi kuti moto wotsalira uthe, tinamasula galasi, ndipo ndinagwira chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi asakaononge kanthu. Aneba anagwiranso, ndi manja onse awiri, maso ali chotsinzina.

Kabatireko kanali kokanikizidwa m'munsi mwa graphics card, poti chala cha munthu wamkulu sichifika. Aneba anakanyomphola ndi nsonga ya sikuludalaiva. Kanauluka, kanagunda khoma, kanagubuduzika mpaka kunsi kwa bedi. Mphindi zoyembekezera zija zinakwana zokha, ndi kupitirira, mnyamata akukwawa ndi tochi ya pafoni. Tinakabwezeretsa kali ndi fumbi, tinayatsa. DRAM.

Ndiye panatsala RAM yeniyeniyo. Malangizo ake ndi osavuta: tsegula timano ta m'mapeto, zula kathabwa, kabwezeretse mwamphamvu mpaka kalire kuti thwa. Ngati tilipo tiwiri, yesa kamodzikamodzi. Pazithunzi za pafoni timatabwato tinkaoneka titaimirira chilili kumanja kwa fani ya purosesa. Ndinayang'ana pafoni, ndinayang'ana m'bokosi. Ndinayang'ananso pafoni. Kumanja kwa fani kunali ngalande zinayi zazitali, timano take tili yasa, ndipo m'ngalandemo munalibe kanthu.

"Mwina ndi zamakono, sizioneka," anatero aneba.

Mutu unazungulira. Woyamba kuzengedwa mlandu anali mnyamata, amene analumbira kuti sadziwa n'komwe kuti RAM imadyedwa kapena imavalidwa. Ndinamukhulupirira pokhapokha nditamupisa m'matumba. Tinapendeketsa bokosi n'kuligwedeza kuti mwina timve kena kakugubuduka pansi, ngakhale kuti kathabwa komangidwa ndi timano sikangagwe kokha, ndipo awiri sangagwe tsiku limodzi. Tinatulutsa zonse za kunsi kwa bedi. Aneba anayamba kutchula mayina a anthu onse amene anawaona akulowa pakhomo pathu sabata imeneyo, kuphatikizapo apongozi anga.

"Bambo, TV yapita kuti?"

Akazi anga anaima pakhomo la chipinda. Anaona TV pabedi, galasi la kompyuta litatsamira khoma, mwana ali mbuu ndi fumbi, aneba atagwira sikuludalaiva, ine nditakumbatira bokosi la achimwene awo ngati mwana wodwala.

"Achimwene aja ananena kuti chiyani?"

Ndinafotokoza kuti m'nyumba muno mwachitika umbava waukadaulo, ndipo chikhala sindinayatse sitikanadziwa. Anatulutsa foni kuti awaimbire. Ndinapempha, mwaulemu wonse umene ndinkaugwiritsa ntchito tisanakwatirane, kuti andipatse nthawi.

Aneba anasowa kanthawi n'kubwera ndi kathabwa kobiriwira kamene anazula m'kompyuta yakufa ya mwana wawo. Kutalika kwake kunali kofanana ndendende ndi ngalande zathu, ndipo mtima wanga unadumpha. Kanakana kulowa. Tinakatembenuza, kanakanabe. Kunsi kwa kathabwa kalikonse kuli kampata, ndipo m'ngalande muli kachotupa koyenera kulowa m'kampatako. Kathu kanali DDR3, ka mapini 240, pamene motherboard ya alamu inkafuna DDR4, ya mapini 288, ndipo opanga anaika kampatako pamalo osiyana dala kuti anthu onga ife tisaphatikize zosaphatikizika. Aneba sanaone vuto. Anati kusiyanako n'kochepa kwambiri, ali ndi tupa kunyumba, kachotupa ka m'ngalande akhoza kukapala pang'ono chabe. Ndinawaperekeza mpaka pageti.

Ndinatseka bokosi. Kasikuluwu kamodzi kanatsala, ndipo sindinapeze bowo lake, ndiye ndinapatsa mnyamata kuti akasunge kutali. Ndinafunditsa nsalu, n'kuikonza makwinya kuti afanane ndi aja anasiya eni ake.

Masiku otsatira alamu ankaimba foni madzulo. Akalankhula ndi mlongo wawo ankapempha kuti andipatse ine.

"Alamu, zonse zili bwino kumeneko?"

"Bwinobwino, alamu. Ili gone mmene munaisiyira."

"Chabwino," ankatero, ndipo ndinkamva ngati akumwetulira. Ndinkadzuka pakati pa usiku n'kumawerengetsa kuti ndigula RAM ya kukula bwanji, poti sindinkadziwa ngati yobedwayo inali ya magigabaiti 16 kapena 32, ndipo munthu amene amadziwa makina ake ngati alamu akanazindikira tsiku lomwelo.

Tsiku limene anabwera sanakhalitse pabalaza. Analonjera, anamwa madzi, n'kulunjika kuchipinda, ife tonse pambuyo. Ndinali nditakonza kale mawu oyamba, okhudza kuipa kwa dziko masiku ano. Anavundukula nsalu, anamasula galasi, kenako anapisa m'chikwama chawo n'kutulutsa kathumba konyezimira kotuwa. M'menemo munali timatabwa tiwiri.

"Ndinachotsa ndekha," anatero. "M'nyumba muno muli ana."

Ponena kuti ana sanayang'ane mnyamata.

Anatilowetsa m'ngalande yachiwiri ndi yachinayi kuchokera pa purosesa, thwa, thwa. Ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo. Palibe chabedwa, palibe chaonongeka, ndipo palibe umboni. Ndinafika mpaka ponena kuti anachita bwino, ana a masiku ano sadalirika.

Anadina batani. Kagetsi ka DRAM kanayaka n'kuzima. Sikirini inangoti bii.

Alamu anagwada n'kusuzumira kumbuyo. Anakhala kumeneko kanthawi.

"Nthambo iyi yakwera bwanji kumtunda? Purosesa yanga ndi ya Intel ya F kumapeto, ilibe za zithunzi. Bowo limeneli silitulutsa kanthu."

Ndinati mwina posesa. Akazi anga, amene amasesa m'chipindamo, anakhosomola.

Anaitsitsira kumunsi, ndipo sikirini inayaka. Koma m'malo mwa Windows panabwera zolemba zoyera zonena kuti makonzedwe a BIOS afufutika, dinani F1. Anadina. Wotchi ya kompyuta inkanena kuti lero ndi 1 Januwale, chaka cha kalekale.

"Izi zimachitika kabatire kakachotsedwa, alamu."

Ndinati kunachita ziphaliwali zoopsa kwambiri iwo atachoka.

Anapapasa kunsi kwa monita kuti awonjezere kuwala, ndipo panatuluka zilembo zachilendo zija, mzere ndi mzere. Anazipenya, anandipenya. Mnyamata anatuluka mwakachetechete n'kubwera atatambasula dzanja.

"Amalume, adadi anati ndisunge aka."

Alamu asanalandire n'komwe kasikuluwuko, mutu wa aneba unatulukira pawindo.

"Odi! Yayaka? Ndinanena ine. Mukanandilola kupala kaja, bwenzi itayaka tsiku lomwe lija."

Alamu anatembenuka pang'onopang'ono pampando. "Kupala chiyani?"