Makiyi tatenga abale anga, zikomo

A ku South Bend kuno ku America nonse ndi akumudzi omwe, ngongole ija ya SBA, nthambi ya boma yothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, yatuluka ndipo makiyi a nyumba yosamaliramo anthu aulumali tatenga dzulo. Thupi lonse likuphwanya koma ndati ndisagone ndisanathokoze. Ambuye mwandichitira zazikulu ine.

Ndiyambe ndi agogo aja a ku SCORE, bungwe lolangiza anthu pa zamabizinesi, ndimangowatcha agogo basi. Anagwira ntchito ku banki mpaka kupuma, pano amathandiza anthu ulele, si abale anga, Chichewa sadziwa ngakhale moni, koma mayi amenewa eee. Ndi iwowo anandikhazika pansi nkundiuza kuti ngongole ya SBA imeneyi, yotchedwa 7(a), si ndalama za boma, wobwereketsa ndi banki, boma limangoyimira kumbuyo 75% ya ngongole ikapitirira $150,000, ndipo iwe mwiniwake umasainira ndi dzina lako, zikavuta akutsata iweyo ndi katundu wako. Atatero anandifunsa kuti ukufunabe? Ndinati eya. Pulani yanga ya bizinesi ankangoibweza ili mbuu inki yofiira, amati nyumba yosamalira anthu aulumali banki siimva zoti uli ndi mtima wabwino, ikufuna ione malipiro a ogwira ntchito usiku, inshuwalansi, chakudya, komanso nthawi ija Medicaid, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, isanayambe kulipira udzalipira anthu ndi chani.

Amayi anga a chipereganyu, 10% yomwe amafuna ndiikepo ndekha ija ndikanaipeza kuti popanda inu? Munalola ndilandire ine kaye pomwe ena mukudikira fizi ya ana kumudzi. Ndiye a banki atafunsa kuti ndalama zimenezi zachokera kuti, agogo omwewo anakhala pansi kumvetsera kuti chipereganyu chimayenda bwanji mpaka anandithandiza kulemba kalata yofotokoza, anachita kuseka kuti zimenezi nzanzeru.

Nthawi yomwe ndinatsala pang'ono kugwa ulesi mukuidziwa. Boma litaima ntchito pa 1 Okutobala 2025 ngongole zatsopano zonse za 7(a) zinaima nazo mpaka 12 Novembala, pepala langa lili momwemo, mwini nyumba akuti apereka kwa wina. Ndimalira mgalimoto ndikuchokera shifiti ya usiku. Agogo amaimba foni osatopa, amati usasaine chilichonse uli ndi mantha, pempha akuwonjezere nthawi, ndipo anandiuza mawu oti ndikanene. Anawonjezeradi. Amvano amene mumadzuka mbandakucha kupemphera nane pa WhatsApp, Mulungu amene anamva uja akumbukirenso makomo anu.

Abambo akunyumba, mwaphika, mwasamala ana, simunandinenepo kuti siya. Zikomo bambo.

Ena aja mumati CNA ngati ine, wongothandizira anamwino, sangatsegule nyumba yake ku America kuno, ena foni zanga munasiya kuyankha mukuganiza ndikupemphani ndalama, zinandipweteka sindinama, ine ndimangofuna wondilimbitsa mtima. Ndakhululuka.

Anthu anga amene ndawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zonsezi ndi amene anandipatsa maganizo amenewa, ndikufuna munthu aulumali akhale pakhomo pomwe akumudziwa dzina ndi chakudya chomwe amakonda. Agogo, ngakhale simuwerenga izi, mwana wanga akumasulirani mawa, chitenje chanu chikubwera.

Ntchito ikadalipo, laisensi sinatuluke, a zamoto sanabwere kudzayendera, pakhomo pakufunika polowera njinga za olumala ndipo zitseko za kubafa nzopapatiza. Azibambo amene muli ndi zida Loweruka lino tiyeni, nsima ndiphika ine.