Nsalu ya m'ngalande yokwirira: yambani mwaona dothi lake

Khoma lotchinga dothi likagwa mvula ili pakati, anthu amathamangira kunena kuti simenti inachepa. Kawirikawiri vuto limakhala madzi. Akadzaza kuseri kwa khoma lotalika mamita 2, amakankha ndi mphamvu ya matani pafupifupi 2 pa mita iliyonse ya khomalo, osawerengera dothi. Mankhwala ake ndi ngalande yokwirira: paipi ya mabowo, miyala ya kwale, ndi nsalu ya geotextile, imene ambiri amangoti bidim.

Nsaluyi ntchito yake ndi kusefa, ngati sefa ya ufa. Yoyenera ndi ija yooneka ngati bulangete, yosalukidwa, yolemera magalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita. Matumba a feteleza ayi, sapyoza madzi mokwanira. Neti ya udzudzu mabowo ake ndi aakulu, dothi limangodutsa. Pulasitiki wakuda ndiye kumanga damu kuseri kwa khoma.

Koma nsalu yabwino pa dothi lolakwika imatsekeka basi. Madzi akayamba kuyenda, tinthu tosalala kwambiri timene tagundana ndi nsalu timapyola n'kupita, ndipo timchenga tokulirapo timatsala, kupanga sefa yachilengedwe kutsogolo kwa nsaluyo. Kwenikweni amene amasefa ndi dothi lenilenilo, nsalu imangolichirikiza. Pa mchenga ndi pa katondo wosakanikirana bwino izi zimayenda. Pa dothi la fumbi lokhalokha, ngati matope ouma a m'dambo, mulibe timchenga toti titsale, choncho fumbilo limamata nsalu ngati phala.

Dothi lanu liyeseni chonchi. Thirani dothi m'botolo kufika theka, dzazani madzi, khutchumulani, muliike pansi. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, fumbi m'maola angapo, dongo limachedwa masiku. Kenako ponyani kachibulumwa kouma m'tambula ya madzi a mvula osagwedeza. Kakatulutsa mtambo wa mbuu pasanathe mphindi 10, dothilo ndi losungunuka. Pamenepo komanso pa dothi la fumbi, ikani mchenga wa kumtsinje wotsuka, wochindikala masentimita 10 mpaka 15, pakati pa dothi ndi nsalu. Makande, ngati a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndi nkhani ina: madzi sayenda m'dongo loterolo, amadzera m'ming'alu, ndipo limafufuma likanyowa. Musalibwezere kuseri kwa khoma, thiranimo mchenga kapena gelevulo.

Kakumbidwe ka ngalandeyo: masentimita 45 m'lifupi, kutsetsereka sentimita imodzi pa mita iliyonse. Muyese ndi chingwe ndi levulo, maso amanama. Chotsani mizu ndi miyala yakuthwa. Yalani nsalu ikhudze pansi ndi m'mbali monse. Ikalendewera, kuseri kwake kumatsala mphako momwe dothi limasungunukira. Thirani kwale wa mamilimita 19 wotsuka masentimita 5, goneketsani paipi ya mamilimita 110, mabowo ayang'ane pansi. Ambiri amawayang'anitsa kumwamba poganiza kuti madzi agwera kuchokera pamwamba, chonsecho madzi a m'nthaka amakwera kuchokera pansi. Onjezani kwale afike masentimita 60, pindani nsalu pamwamba, mbali ziwirizo zipitirirane masentimita 30.

Ngalande ya mamita 20 yotere imadya kwale makiyubiki mita 5.4, ndi nsalu ya mamita 2.4 m'lifupi. Kwale akabwera ndi fumbi la kumakina, mutsukeni kaye. Fumbilo lili kale mkati mwa nsalu, palibe choliletsa kulowa m'paipi.

Ena amakulunga paipi yokha pofuna kupulumutsa ndalama. Sindikuvomereza. Nsalu yozungulira paipi ya 110 imasefa ndi masentimita 35 okha, pamene yozungulira miyala yonse imasefa ndi mamita oposa 2, ndiye imachedwa kutsekeka.

Dzuwa limaononga nsaluyi. Ikwirireni pasanathe masabata awiri, ndipo wilibala isayende pamwamba pake. Kumtunda kwa paipi siyani chigongono chotulukira pamwamba chokhala ndi chivindikiro, chopoperamo madzi potsuka, makamaka kumene madzi ake amasiya utoto wa dzimbiri, chifukwa utotowo umatseka mabowo. Kotulukira kukhale pamwamba pa mlingo umene madzi a mu ngalande ya kumsewu amafika, ndipo mutsekeko ndi waya wa sefa, chifukwa makoswe amakonda kumangamo zisa m'chilimwe.