Tabwerako bwino, zikomo nonse amene munatigwira dzanja

Achinyamata 6 amene tinanyamuka pa Mbare Musika zikwama zili kumsana tafika ku Harare tonse tili bwino, patatha masiku 21 oyenda ku Mozambique ndi ku Malawi pa basi, chapa (minibasi ya ku Mozambique) ndi boti. Makolo athu, amalume ndi azakhali a ku Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, munasonkha ndalama ndi kutipempherera, ndipo malangizo anu ndi amene anatiyendetsa. Tikuwalemba pano kuti enanso awagwiritse ntchito.

Zikomo agogo amene munalimbikira kuti tiwoloke malire masana. Kuchokera ku Harare kukafika ku Mutare ndi makilomita pafupifupi 260, choncho basi ya m'mawa imapereka mpata wodinditsa pasipoti pa Forbes ndi Machipanda dzuwa likadalipo, n'kukagona ku Chimoio. Kugona kumeneko n'kofunika, chifukwa mabasi opita kumwera amanyamuka mbandakucha, cha m'ma 4 koloko, ndipo tikiti iyenera kugulidwa madzulo ake. Msewu wa N1 kuchoka pa Inchope mpaka pa mlatho wa Save uli ndi maenje ambiri, basi imayenda pang'onopang'ono. Munthu aliyense anyamule malita 2 a madzi ndi ndalama za meticais zing'onozing'ono, poti kondakitala wa chapa sakhala ndi chenji ya ndalama yaikulu.

Kwa eni ngalawa a ku Vilankulo, tikuthokoza kuleza mtima kwanu. Nyanja yamchere si nyanja ya kwathu: madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Akaphwa, ngalawa zimatsala zitagona chammbali pamchenga, madzi ali kutali ndithu. Amene akufuna kupita kuzilumba za Bazaruto afunse nthawi ya madzi asanapangane mtengo, apo ayi adzadikira theka la tsiku padzuwa. Foni ndi pasipoti zikulungidwe m'mapepala a pulasitiki awiri, chifukwa pokwera mumayamba mwalowa m'madzi ofika m'ntchafu. Pa Maxixe n'kosavuta: boti la injini limawoloka kupita ku Inhambane pafupifupi theka la ola, kenako chapa mpaka ku Tofo.

Pochoka kugombeko tinalowera ku Malawi, kudzera ku Chimoio, Tete, Zóbuè ndi Mwanza. Zikomo amayi ogulitsa pa Zóbuè amene munatilandira m'chilankhulo chathu.

Azakhali a ku Blantyre, inu ndi amene munatiuza kuti tikafike ku Monkey Bay tsiku limodzi sitima ya Ilala ya panyanja ya Malawi isananyamuke, ndi kufunsa padoko pomwepo za nthawi yake. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951, ndipo imachedwa malinga ndi katundu amene ikukweza ndi kutsitsa. Pamalo popanda doko imaima kutali ndi gombe, anthu n'kutsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku. Pamenepo tochi yovala pamutu imathandiza kwambiri, manja onse awiri akhale omasuka. Ogona pamwamba atenge bulangete ndi juzi, makamaka miyezi ya June ndi July pamene mwera ukuwomba. Mafunde akakula, nseru imachepa ukakhala chapakati pa sitima, maso ali kugombe.

Amayi anamwino a kumpingo kwathu, zikomo potikumbutsa kuti okulira mu Harare thupi lawo silinazolowere malungo. Neti ndi mankhwala oteteza tinatenga, ndipo aliyense amene atenthe thupi masabata ano akayezetsa tsiku lomwelo. Poti tinasamba m'nyanja ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, tidzapitanso kuchipatala kukayezetsa likodzo pakatha miyezi iwiri.

Usipa umene munatituma tabwera nawo. Tiupereka Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, pamodzi ndi zikwama zinayi zimene tinabwereka.