Apolisi ovala nduwira ku Hong Kong

Amalawi ambiri amangodutsa pa Hong Kong, mtima uli pa katundu wa ku Guangzhou. Ine ndinapatula tsiku loti ndikaone Tai Kwun, pa Hollywood Road, pomwe kale panali likulu la apolisi, khoti ndi ndende mumpanda umodzi. Masiku ano anthu amapitako kukaona mbiri ya mzindawu, ndipo mbiri yomwe inandigwira mtima ndi ya apolisi a ndevu zowirira, ovala nduwira kumutu. Awa anali Asikh, Amwenye a chipembedzo cha Chisikh ochokera ku Punjab ku India, omwe Angerezi anayamba kuwalemba ntchito yaupolisi kuno mu 1867.

Mzungu sanapite kutali chonchi kukafuna wapolisi popanda chifukwa. Ankafuna munthu wopanda mbale mumzinda, wosadziwa chilankhulo cha Chikantoni, woti akauzidwa kuti amenye asayambe wayang'ana kaye nkhope. Ngakhale nambala za apolisi zinkasonyeza mtundu: A anali azungu, B Amwenye, C Matchaina a komweko. Malipiro a Mmwenye sankafika pa a mzungu ngakhale ntchito inali yomweyo. Ambiri akasiya upolisi ankakhala alonda pa mabanki ndi m'masitolo, ndipo boma silinawasiye: mu 1928 linakhazikitsa lamulo loti alonda azilembetsedwa ku polisi. Munthu amene anamudalira pomupatsa mfuti, anamuopanso akangovula yunifolomu. Zimenezi zinandipweteka.

Madzulo ndinakwera tramu, sitima ya magetsi yoyenda m'misewu, mpaka ku Wan Chai, n'kuyenda wapansi kukafika pa kachisi wa Asikh wotchedwa Khalsa Diwan, yemwe anayamba mu 1901. Pakhomo umavula nsapato ndi kufunda kansalu kumutu. M'chipinda chodyera aliyense amalandira chakudya chaulere, kaya ndi wa chipembedzo chanji. Ndinakhala pansi pamodzi ndi anthu ena, tikudya chapati ndi mphodza. Mu 1914, Asikh omwe ankafuna kupita ku Canada ankasonkhana pa kachisi yemweyu, mpaka sitima ya Komagata Maru inanyamuka nawo. Itafika ku Vancouver, ambiri mwa iwo anakanizidwa kutsika, ngakhale anali nzika za ufumu wa Angerezi womwewo umene abale awo ankaulondera usiku ndi usana.

Nkhani ya anthuwa inafikanso kwathu. Mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali a Chisikh m'dziko lathu motsogozedwa ndi Cecil Maguire, kuti amenyane ndi mafumu a Chiyao a kummwera kwa nyanja. Maguire anaphedwa chaka chomwecho pa nkhondo yolimbana ndi Makanjira, ndipo dzina lake linatsalira pa Fort Maguire m'boma la Mangochi. Asikh analiponso ku Karonga mu 1895 pogonjetsa Mlozi. Kusukulu tinaloweza Johnston ndi Maguire, koma dzina la Msikh ndi mmodzi yemwe sitinaphunzitsidwe.