Amalume akufuna midzi yonse isanu tsiku limodzi

Msuweni wanga, namwino ku Leeds, waganiza zowalipirira makolo ake ulendo wa pa sitima yapamadzi, zija zonyamula alendo m'madoko a nyanja ya Mediterranean. Amalume a ku Kalongwezi ku Chipata, amene mphamvu zawo zonse anathera pa ntchito yogula thonje, nkhaniyi aitenga mwaukadaulo, mpaka agula kope lolembamo. Poti ine ndimaperekera zakudya m'sitima zoterezi, mafunso onse akugwera ine pa WhatsApp. Lalikulu ndi la tsiku limene adzaime pa La Spezia, ku Italy. Akufuna kuona midzi yonse isanu ya Cinque Terre n'kubwerera sitima isanachoke.

Ndawauza kuti, "Malume, n'zotheka ndithu, koma chimene mukaone ndi masiteshoni asanu basi."

Kuchokera ku La Spezia midziyo yandandalikana chonchi: Riomaggiore, Manarola, Corniglia, Vernazza, Monterosso. Nyumba zake n'zosanjikizana pa matanthwe, kutsogolo nyanja, kumbuyo phiri. Misewu ya galimoto ndi yopapatiza, yokhotakhota, ndipo galimoto ya mlendo imasiyidwa kunja kwa mudzi. Chimene chinatsegula derali ndi njanji yomwe inamalizidwa mu 1874, yoboola m'mapiri. Ndiye musayembekezere kuti mudzakhala pawindo n'kumaonerera nyanja. Ulendo wambiri ndi wa mumdima wa mphanga, nyanja imangoti phethi, kenako mdima. Kuchoka mudzi wina kufika wina ndi mphindi zosakwana zisanu. Bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo osungidwa mu 1997, ndipo chiyambire pamenepo alendo sakuphwa.

Nthawi imayamba kudyeka musanaione n'komwe sitima yapamtunda. Mkati mwa doko saloleza kuyenda pansi, mumadikira basi yokutulutsani pachipata. Kuchoka apo kukafika pa siteshoni ya La Spezia Centrale ndi mphindi 20 kapena 25 wapansi, kudzera mu Via del Prione, msewu wa masitolo. Kwa amalume ndi bondo lawo lija ndanena kuti akwere takisi. Pa siteshoni mumapeza mzere, chifukwa anthu zikwi amene mwatsika nawo aja nawonso aganiza zomwezo. Ora loyamba lapita.

Tikiti yabwino ndi Cinque Terre Card ya sitima, yomwe mumakwera nayo kangati konse tsiku lonse pakati pa La Spezia ndi Levanto. Imalowanso m'timabasi ta m'midzi, ndipo mtengo wake umasintha malinga ndi nyengo. Ndapempha msuweni kuti aguliretu pa intaneti. Mukagula tikiti wamba yapepala, muidinditse m'kamakina kobiriwira musanakwere. Woyendera matikiti akakupezani ndi yosadinda, chindapusa ndi pompo, zoti ndinu mlendo sizimukhudza.

Ife a ku Chipata sitima sitinaizolowere. Njanji yochokera ku Mchinji inatsegulidwa mu 2010, a Rupiah Banda ali pampando, koma ine ndinakula ndikungoidumpha, sitima yanga yoyamba ndinakakwerera kunja. Thupi lathu linazolowera basi ya pa Kapata, yoti imanyamuka ikadzaza, kondakitala n'kukudikirani mukugula nthochi. Uku ayi. Zitseko zikatsekeka zatsekeka, kaya mkazi wanu watsala panja. Ndawauza amalume kuti akagwirane dzanja ndi azakhali pokwera, manyazi akasiye ku Kalongwezi. Zikachitika kuti wina watsala, wotsogolayo atsike pa siteshoni yotsatira n'kukhala pompo. M'nyengo ya alendo sitima zimabwera pafupipafupi, mwina mphindi 15 kapena 20 zilizonse.

Langizo langa ndi lakuti apite kaye kumapeto, ku Monterosso, ulendo wosakwana theka la ora, n'kumabwerera cham'mbuyo kuti dzuwa likamapendeka akhale akuyandikira doko. Khamu lambiri limakhuthukira pa Riomaggiore chifukwa ndi poyamba. Monterosso ndi pamalo pokhapo poyalana bwino, pali mchenga, mipando yopumirapo, ndi tinsomba tokazinga togulitsa m'kapepala kopinda, tofinyira ndimu.

Wachiwiri ndi Vernazza, ndipo apa mpamene ndikufuna akakhalitse. Siteshoni yake ndi yaifupi kuposa sitima, choncho mabogi ena amaima mumphanga. Ndinaonapo banja lina litangokhala phee mumdima, likuyesa kuti sitinafike, mpaka sitima inawapitiriza. Mukamva dzina la mudzi, imirirani, dinani batani la pachitseko, tsikani, yendani cholunjika kowala. Msewu ndi umodzi wotsetserekera kunyanja. Pa 25 October 2011 mvula yoopsa inagumula phiri, matope n'kudzaza msewu umenewu mpaka kukwirira zitseko za masitolo. Lero simungadziwe, kupatula chithunzi chachikulu chomwe anachipachika pafupi ndi siteshoni. Kumunsi kuli kadoko ka mabwato ndi tchalitchi cha Santa Margherita chomangidwa m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Tsiku lina ndinalowamo kuthawa dzuwa. Munali zii, mozizira, gogo wina atavala zakuda akusintha madzi a maluwa, mafunde akumveka kuseri kwa khoma. Ndinakhala mpaka mapazi anasiya kuwawa. Ife operekera zakudya timaima maola ambiri, mpando wa m'tchalitchi timaudziwa kukoma kwake.

Corniglia ndawaletsa. Mudziwo uli pamwamba, mamita pafupifupi 100 kuchokera pamadzi, pamene siteshoni ili pansi. Pakati pake pali masitepe oposa 370. Kabasi kalipo, koma n'kakang'ono, ndipo mzere wake umadya theka la ora mosavuta.

Nthawi ikalola, amalize ndi Manarola. Anthu amapitako kukajambula nyumba zamitundumitundu, koma ndikudziwa kuti amalume maso awo adzathamangira kuphiri. Phiri lonse analidula timinda ta mphesa tosanjikizana, togwiridwa ndi makoma a miyala yongoyala popanda simenti, ntchito ya mibadwo yambiri. Khoma limodzi likagwa osalikonza, dothi limatsika ndi mvula. Pokolola amatsitsa madengu pa kangolo kainjini koyenda pa chitsulo chimodzi. Mlimi aliyense angaime pamenepo n'kuiwala kamera. Njira yotchuka yapansi yopita ku Riomaggiore, Via dell'Amore, inatsekedwa mu 2012 miyala itagumuka, n'kudzatsegulidwanso mu 2024, ndipo tsopano polowa pamafunika kusungitsiratu nthawi. M'njira za m'mapiri mapatapata ndi oletsedwa, amalipiritsa.

Chomwe ndabwereza mpaka azakhali anaseka ndi ichi: mukapita pa ulendo wokonzedwa ndi kampani ya sitima yapamadzi, mukachedwa amakudikirani. Mukapita panokha, sitima imachoka. Ndaonapo anthu akuthamanga padoko zingwe zitamasulidwa kale, ndipo ndalama yokapezera sitima padoko lotsatira imachoka m'thumba mwanu. Choncho ora lobwerera lomwe lalembedwa pakhomo lotulukira m'sitima yapamadzi, chotsanipo maola awiri, imeneyo ndiyo nthawi yokwerera sitima yapamtunda yobwerera. Masana sitima zimadzaza moti ina mungalephere kulowa, chikwama chikhale kutsogolo chifukwa opisa m'matumba sasowa. Ogwira ntchito za njanji ku Italy amanyanyalanso nthawi zina, koma amalengezeratu, ndiye funsani pa desiki ya alendo usiku wake. Nambala ya foni ya woimira sitima padoko imalembedwa pa kapepala ka tsiku komwe timaika m'zipinda. Kajambuleni.

Wotchi yokha sadzavutika nayo. Kuyambira kumapeto kwa March mpaka kumapeto kwa October, nthawi ya ku Italy ndi yofanana ndi ya ku Chipata.